Windows kapena SteamOS: ndani ayendetse kompyuta ya magemu ya m'manja?

Mu January 2025, pa chionetsero cha CES ku Las Vegas, kampani ya Lenovo inalengeza kompyuta ya magemu yogwira m'manja yotchedwa Legion Go S, ndipo inati idzaigulitsa ya mitundu iwiri: ina ya Windows 11, ina ya SteamOS. Kapangidwe kake n'kamodzi, sikirini yomweyo ya mainchesi 8, mabatani omwewo. Kusiyana kwenikweni kunali pa operating system, pulogalamu yaikulu ija imene imayamba kudzuka makina akayatsidwa n'kumayendetsa zina zonse. Aka kanali koyamba kuti kampani ina, osati Valve, mwini SteamOS komanso sitolo ya magemu ya pa intaneti yotchedwa Steam, igulitse makina otere a SteamOS mwa chilolezo cha eni ake. Mkangano umene unkangoyenda pakati pa okonda magemu unafika tsopano pa shelefu ya sitolo.

Wina angati nkhaniyi ndi yaing'ono chifukwa makinawa ndi makompyuta ndithu, ndipo mwini wake akhoza kufufuta sisitimu imene anaipeza n'kuikamo ina. N'zoona kuti akhoza. Koma ogula ambiri sachita zimenezo. Zimene apeza atatsegula bokosi ndi zimene adzakhale nazo mpaka makinawo atatha. Sisitimu yobwera ndi makina ndi imene imasankha sitolo yoti muzigulako magemu, kutalika kwa nthawi imene batire lizikhala, ndiponso amene mungamudandaulire batani lina likasiya kugwira ntchito. Mukasintha nokha, opanga makinawo akhoza kukuuzani kuti mubwezeretse kaye sisitimu yawo asanakuthandizeni.

Zimene makina a m'manja amafuna

Kompyuta ya patebulo ili ndi kiyibodi, mausi, sikirini yaikulu, ndi magetsi osatha bola pulagi ili pakhoma. Ya m'manja ilibe chilichonse mwa izi. Ili ndi sikirini ya mainchesi 7 kapena 8, mabatani a kontirola, ndi batire laling'ono. Munthu amaisewera mphindi makumi awiri, n'kuigoneka, n'kudzaidzutsanso madzulo, ndipo amayembekezera kupeza gemu ili pomwe anaisiya. Nintendo Switch, imene inatuluka mu 2017, ndi imene inazoloweretsa anthu ambiri khalidwe limeneli, ndipo kompyuta iliyonse ya m'manja imayezedwa ndi muyezo womwewo kaya opanga ake akufuna kapena ayi.

Nkhani ya batire imamveka bwino ndi masamu. Steam Deck yoyamba, kompyuta ya m'manja ya Valve, komanso ASUS ROG Ally yoyamba zonse zinali ndi batire la 40Wh. Ngati makina onse pamodzi, purosesa, sikirini ndi fani, akudya mawati 25, batirelo silifika ngakhale maola awiri. Akamadya mawati 10, limakhala maola anayi. Akamadya 8, maola asanu. Ndiye taonani: pa gemu yolemera, mawati awiri otayika sasintha zambiri, koma pa gemu yopepuka mawati awiri omwewo ndi ola lathunthu. Pulogalamu iliyonse yoyenda mobisa kumbuyo, kaya ikusakasaka mavairasi kaya ikufufuza apudeti, ikudya ola limenelo. Pa kompyuta ya patebulo palibe amene amawerengera zoterezi.

Memory nayonso ndi chimodzimodzi. Makina ambiri amtunduwu anayamba ndi 16GB, ndipo purosesa ndi mbali yojambula zithunzi zimagawana memory yomweyo. Imene sisitimu yatenga ndi imene gemu yamanidwa.

Momwe Valve inafikira pa Linux

SteamOS sinayambe chifukwa cha makina a m'manja. Inayamba chifukwa cha mantha. Mu 2012, Microsoft itabweretsa Windows 8 pamodzi ndi sitolo yakeyake ya mapulogalamu, Gabe Newell, mkulu wa Valve, anadzudzula sisitimuyo poyera. Bizinesi yonse ya Steam inali itakhazikika pa Windows, ndipo mwini Windows anali atayamba kugulitsa yekha mapulogalamu m'sitolo yake. Valve inafuna pothawira. SteamOS yoyamba inatuluka kumapeto kwa 2013, yomangidwa pa Debian, mtundu wina wa Linux, sisitimu yaulere imene aliyense angathe kuisintha, ndipo mu 2015 kunabwera makompyuta otchedwa Steam Machines. Sanayende malonda. Chifukwa chake sichinali chobisika: magemu ambiri analembedwera Windows, ndipo opanga magemu sanaone phindu lowalembanso kuti akondweretse anthu ochepa a Linux.

Valve inasintha njira. M'malo mopempha opanga magemu kuti abwere ku Linux, inachititsa kuti Linux izitha kuyendetsa magemu a Windows momwe alili. Imeneyo ndiyo Proton, imene inatuluka mu August 2018, yomangidwa pa Wine, pulojekiti yakale ya m'ma 1990 yoyendetsera mapulogalamu a Windows pa Linux. Proton ili ngati womasulira m'khoti: gemu imalankhula chinenero cha Windows, Proton n'kutembenuza pomwepo kuti Linux imve. Gemu ikapempha zithunzi kudzera mu DirectX, njira ya Windows yojambulira zithunzi, zigawo zotchedwa DXVK ndi VKD3D-Proton zimasandutsa pempholo kukhala la Vulkan, njira imene Linux imamva. Purosesa ndi ya mtundu womwewo umene magemu a Windows analembedwera, wa x86, choncho palibe chifukwa chonamizira makina ena. Chimene chikumasuliridwa ndi mapempho okha. N'chifukwa chake liwiro silitsika kwambiri monga ambiri ankaganizira.

Pamene Steam Deck inkatuluka mu February 2022, pa mtengo woyambira madola 399, maziko amenewa anali atakhwima. SteamOS 3 inasiya Debian n'kupita ku Arch Linux. Makompyuta a m'manja analipo kale, a GPD kuyambira 2016 ndi a Ayaneo pambuyo pake, onse a Windows ndipo ambiri okwera mtengo. Chachilendo pa Deck sichinali mphamvu za purosesa. Chinali chakuti sisitimu yonse inapangidwa ndi munthu wogwira kontirola m'maganizo.

Zimenezi zimaoneka mu tinthu ting'onoting'ono. Mukayatsa Deck mumafikira pa magemu anu, osati pa desktop. Mukadina batani la madontho atatu mkati mwa gemu, pambali pamatuluka kamndandanda: apa mukhoza kutsitsa mawati a purosesa kuchoka pa 15, kuika sikirini pa 40Hz kuti gemu iziyenda mosalala popanda kuthamangira zithunzi 60 pa sekondi, n'kusunga zimenezo kuti zizigwira pa gemu imeneyo yokha. Zonsezi zimatheka chifukwa cha Gamescope, pulogalamu ya Valve imene imakhala pakati pa gemu ndi sikirini. Mukadina batani lozimitsira gemu ili mkati, makina amagona, ndipo mukawadzutsa mumapitiriza pamene munalekezera.

Pali chinthu china chimene sichioneka koma chimamveka. Magemu amakono amakhala ndi timapulogalamu ta zithunzi totchedwa ma shader, timene timafunika kukonzedwa molingana ndi makina ake. Tikamakonzedwa gemu ili mkati, chithunzi chimadodoma. Popeza ma Deck onse ndi ofanana mkati, Valve imatumiza ma shader okonzakonza kale pamodzi ndi gemu. Komanso mafayilo a sisitimu ndi otsekedwa kuti asasinthidwe mwachisawawa, ndipo apudeti imalowa m'gawo lina la disiki, kuti ikalephera makina abwerere ku yakale. Okonda kusintha chilichonse pa Linux amadandaula nazo. Kwa munthu wongofuna kusewera, ndi chitetezo.

Chifukwa chimene ena onse anasankhira Windows

ASUS ROG Ally inatuluka mu June 2023, Lenovo Legion Go chakumapeto kwa chaka chomwecho, MSI Claw mu 2024. Zonse za Windows 11. Mbali ina, analibe chosankha: pa nthawiyo Valve inali isanapereke SteamOS 3 kwa makampani ena. Koma ngakhale ikanapereka, Windows inali ndi mfundo yolimba imene ilipobe mpaka lero. Gemu iliyonse ya PC imayenda pamenepo. Masitolo ena a magemu monga Epic Games Store, Battle.net, GOG, EA ndi Ubisoft onse amalowa popanda zokhotakhota. PC Game Pass, imene munthu amalipira pamwezi n'kumatsitsa magemu ambirimbiri, imafuna Windows. Pa SteamOS mungaipeze pokhapokha poisewera kudzera pa intaneti, zimene sizithandiza pamalo opanda netiweki. Wopanga makina akalemba pabokosi kuti magemu anu onse ayenda, pa Windows sakunama.

Vuto ndi lakuti Windows inapangidwira mausi. Tsiku loyamba lenileni, mwini makina amakhala akulemba imelo ndi pasiwedi ya akaunti ya Microsoft pa kiyibodi ya pasikirini, chala chikuphonya zilembo, kenako n'kudikira ma apudeti. Ndipo sachokera kumodzi: ena a Windows Update, ena a pulogalamu ya opanga makina, ena a ma driver a zithunzi (timapulogalamu tothandiza sisitimu kulankhula ndi zipangizo za m'makina), ena a Steam. Kampani iliyonse inayesa kuphimba desktop ndi pulogalamu yake, Armoury Crate SE kwa ASUS, Legion Space kwa Lenovo, koma izi zimangokhala pamwamba. Kawindo kena kakatulukira kofunsa chilolezo, gemu imabisika, kontirola imasiya kumvera, ndipo mumapezeka mukusaka kabatani kakang'ono ndi chikhadabo. Kugoneka makina nakonso n'kosadalirika. Njira ya Modern Standby imalola kuti makina azichitabe zina ali mtulo, ndipo eni makinawa akhala akudandaula kuti amawapeza atatentha m'chikwama batire litatsika. Ambiri anangophunzira kugwiritsa ntchito hibernate, imene imasunga batire koma imachedwa kudzuka.

Pa liwiro, anthu ankaganiza kuti Windows iyenera kupambana chifukwa sifuna womasulira. Legion Go S inapereka mpata woyesa pa makina amodzi, ndipo mu June 2025 a Ars Technica, tsamba la nkhani za luso lamakono, atayesa anapeza kuti magemu ambiri mwa amene anasankha ankathamanga kwambiri pa SteamOS. Si matsenga. Sisitimuyo ndi yopepuka, ndipo Valve yakhala ikulipira akatswiri okonza ma driver a pa Linux a AMD, kampani yopanga mapurosesa, kwa zaka zambiri. Tisakokomeze: anayesa magemu ochepa pa makina amodzi, ndipo ma driver amasintha mwezi ndi mwezi. Komabe mfundo yoti Linux ndi yochedwa pa magemu inafera pomwepo.

Pamene SteamOS imagonja

Apa ndi pamene wogula ayenera kuimapo nthawi yaitali, chifukwa palibe luso limene lingamupulumutse. Magemu opikisana pa intaneti amakhala ndi anti-cheat, pulogalamu yogwira anthu obera masewera. Zambiri mwa izi zimalowa mpaka mu kernel, mtima weniweni wa Windows, kuti zizitha kuona chilichonse choyenda pa kompyuta. Proton imamasulira mapempho a gemu, koma driver yolembedwera kernel ya Windows singaiyendetse. Ndipo pa Linux mwini kompyuta ali ndi ufulu wosintha kernel yake momwe akufunira, chinthu chimene okonda Linux amanyadira koma opanga anti-cheat amachiopa, chifukwa wobera akhoza kubisa zida zake pamalo pamene mlonda safika.

Easy Anti-Cheat ndi BattlEye zinayamba kugwira ntchito ndi Proton mu 2021, koma mwini gemu ndi amene amasankha kutsegula kapena ayi. Ambiri aakuluakulu anakana. Fortnite siyenda, Tim Sweeney wa Epic, eni ake a gemuyo, ananena mu 2022 kuti sakukhulupirira kuti angathane ndi obera pa Linux. Valorant siyenda. Magemu atsopano a Call of Duty sayenda. Kampani ya Bungie inachenjeza kuti woyesa kuzemba chiletso pa gemu yake ya Destiny 2 akhoza kutsekeredwa akaunti.

Chopweteka kwambiri ndi gemu imene inkayenda dzulo n'kusiya lero. Mu September 2024, Rockstar inaika BattlEye mu GTA Online, ndipo a Steam Deck anatsekeredwa kunja kwa masewera a pa intaneti. Patangopita milungu ingapo, EA inachotsa Apex Legends pa Linux, ponena kuti obera ankadzera kumeneko. Anthu amene anagula Deck kuti azisewera Apex sanalakwitse chilichonse, ndipo Valve sikanatha kuwakonzera. Chizindikiro chobiriwira cha Verified chimene Steam imaika pa gemu chimanena za lero. Sichilonjeza za chaka chamawa.

Ndiye funso loyamba kwa wogula si lakuti sisitimu yabwino ndi iti. Ndi lakuti: magemu atatu amene ndimasewera kwambiri ndi ati? Ngati pa atatuwo pali Fortnite kapena Call of Duty, nkhani yatha, tengani ya Windows ndipo mupirire zovuta zake. Ngati ndi magemu osewera nokha, akale, kapena a makampani ang'onoang'ono, fufuzani pa Steam ndi pa ProtonDB, kumene osewera amalemba zimene akumana nazo. Mwayi ndi waukulu kuti ayenda. Magemu a Epic ndi GOG nawonso amatheka kudzera mu Heroic Games Launcher, ngakhale pamafunika kulowa kaye ku desktop n'kukonza zina ndi zina.

Ndalama zili kuti?

Kusankha sisitimu si nkhani ya mainjiniya okha. Valve imatenga 30 peresenti pa magemu ambiri ogulitsidwa pa Steam, gawolo n'kumatsika gemu ikagulitsidwa kwambiri. Choncho ikhoza kugulitsa makina motchipa, podziwa kuti phindu libwera m'zaka zotsatira. SteamOS imapatsidwa kwaulere pa chifukwa chomwecho: makina aliwonse oyatsira pa Steam ndi sitolo ina yatsopano. ASUS, Lenovo ndi MSI amapeza phindu pa tsiku logulitsa makina basi. Akaika SteamOS amapulumutsa ndalama za laisensi ya Windows, koma kasitomala amamupereka kwa Valve, ndipo amakhala pa chiopsezo choti wogula abweze makina kusitolo atapeza kuti gemu yomwe mwana wake amaikonda sikutseguka. Akaika Windows palibe wobweza pa chifukwa chimenecho, koma olemba za makinawa amawadzudzula pa batire ndi kuvuta kwa kagwiritsidwe ntchito. Komanso makampaniwa amagulitsa malaputopu a Windows mamiliyoni ambiri, ndipo ubale wawo ndi Microsoft si woseweretsa.

Tisaiwale kuti ufulu wa SteamOS uli ndi malire ake. Maziko ake ndi otseguka, koma pulogalamu ya Steam imene mumaiona ndi ya Valve ndipo ndi yotseka. Kuchoka m'manja mwa Microsoft n'kulowa m'manja mwa Valve. Mpaka pano Valve yachita bwino: siletsa masitolo ena, ndipo inapereka ngakhale ma driver a Windows kwa ofuna kuiika pa Deck. Koma umenewo ndi mtima wa kampani, si lamulo.

Pali malire enanso a makina. SteamOS inakulira pa mapurosesa a AMD, ndipo n'kumene imayenda bwino. MSI Claw yoyamba inali ya Intel, choncho kwa MSI funso la SteamOS silinali lofanana ndi la Lenovo. Komanso makina aliwonse ali ndi mabatani ake apadera, fani yake, magetsi ake okongoletsa. Wina ayenera kulemba ma driver a zonsezi ndi kumawasamalira. Sisitimu yobwera ndi makina imatanthauza kuti alipo amene wavomera udindo umenewu.

Microsoft itadzidzimuka

Mu June 2025, Microsoft ndi ASUS analengeza ROG Xbox Ally ndi ROG Xbox Ally X, ndipo zinayamba kugulitsidwa pa 16 October chaka chomwecho. Ndi Windows 11 ndithu, koma imayatsira pa pulogalamu ya Xbox yodzaza sikirini yonse, popanda kudzutsa desktop ndi zina zambiri zoyenda kumbuyo. Microsoft inati izi zimapulumutsa memory yokwana pafupifupi 2GB, ndipo magemu a Steam ndi masitolo ena amaoneka pa mndandanda umodzi. Kumeneku kunali kuvomereza kuti madandaulo aja anali oona. Ndi sitepe yabwino, koma pansi pake Windows ikadali yomweyo, ndipo mukafuna kukonza chinthu chachilendo mumabwererabe ku mawindo opangidwira mausi.

Kumbali ya Linux nakonso sikuli Valve yokha. Bazzite, yomangidwa pa Fedora, imapereka maonekedwe ngati a SteamOS pa makina ambiri amene Valve sinawafikire, ndipo eni ROG Ally ndi Legion Go ambiri anaidziwa kudzera mmenemo. Palinso ChimeraOS ndi CachyOS. Izi zimasamalidwa ndi magulu a anthu odzipereka, ndipo nthawi zina amathamanga kuposa makampani. Koma kampani yogulitsa makina m'masitolo imafuna mnzake wosainirana naye pangano, choncho n'zovuta kuti imodzi mwa izi ikhale yobwera m'bokosi.

Nanga kuika zonse ziwiri pa makina amodzi? Zimatheka, ndipo ambiri amatero. Disiki imagawidwa pawiri, ndipo magemu amakono oposa 100GB amadzaza gawo lililonse msanga. Palinso msampha wa Secure Boot, chitetezo chimene chimalola sisitimu zovomerezeka zokha kudzuka makina akayatsidwa. Malangizo oikira SteamOS pa makina a makampani ena amafuna kuti muizimitse, pamene magemu ena a Windows, monga Battlefield 6, amakana kutseguka ikakhala yozimitsa. Mukaisintha, Windows ikhoza kukufunsani kiyi ya BitLocker, loko ya disiki: manambala 48 amene ambiri sadziwa n'komwe kuti ali nawo. Bazzite imalola Secure Boot mukalembetsa kiyi yake, koma apa tafika kale pa ntchito ya munthu wokonda kukumba makina, osati wongofuna kusewera.

Kwa ine, makina ogwira m'manja ayenera kubwera ndi sisitimu yopangidwira kontirola ndi batire, ndipo pakadali pano imene ikukwanitsa bwino zimenezi ndi SteamOS. Windows ikhale ya amene akuifunadi chifukwa cha Game Pass kapena magemu a anti-cheat, ndipo anthu amenewo si ochepa. Njira ya Lenovo yogulitsa mitundu iwiri ndiyo yachilungamo, bola pabokosi la SteamOS palembedwe poyera kuti Fortnite, Valorant ndi Call of Duty siziyenda, komanso opanga makina apereke ma driver a mbali zonse ziwiri kuti wosintha maganizo asagulenso makina ena.